Zouka kwa Akufa za ku Biwi

A inshuwalansi akanena kuti galimoto yatha, amakhala kuti angowerengera masamu awo. Tinene kuti Vitz yanu pamsika ingagulidwe K12 miliyoni, ndiye mwakaigwetsera m'ngalande pa Linthipe. Wowunika wawo akabwera ndi kabuku kake n'kupeza kuti bampa, magetsi, boneti, redieta, ma eyabagi ndi ntchito ya mmisiri zikukwana K10 miliyoni, amaona kuti kukonza n'kutaya ndalama. Amakulipirani inuyo, chigobacho n'kukhala chawo. Pakapita nthawi mumaona kachidziwitso m'nyuzipepala koitana anthu kuti apikisane mitengo, ndi chenjezo lakuti katunduyo akugulitsidwa momwe alili, pomwe alili. Amene amawerenga tizidziwitso timeneti mwachidwi kuposa tsamba la mpira ndi anyamata a ku Biwi ndi ku Ndirande. Kumeneko galimoto siifa. Imangogona masabata angapo pansi pa mtengo wa mango, n'kudzuka ndi penti watsopano komanso mbiri yatsopano.

* * *

Mphunzitsi wina wa kusekondale ku Lilongwe anagudubuzika ndi Passo yake yoyera, mwamwayi n'kutulukamo ndi chotupa cha pamphumi chokha. A inshuwalansi anamulipira, iye n'kubwerera ku minibasi uku akusakasaka ina. Tsiku lina dila anamuimbira foni.

"Aphunzitsi, thamangani, yapezeka. Ndendende yanu ija, kungoti iyi ndi yabuluu."

Atafika, dila anayamba ulaliki. "Iyi, bwana, ngozi siidziwa. Inali ya mzungu wina wa ku Area 10, mayi wachikulire. Ankangopita nayo kutchalitchi Lamulungu, akabwerako n'kuifunditsa."

Aphunzitsi analowa n'kukhala. Mpando unawalandira msana bwinobwino osausuntha n'komwe. Kabokosi ka padashibodi kanakana kutseguka, dzanja lawo n'kupita lokha kukamenya pakona kawiri, kabokosi n'kutseguka. Atatsitsa chotchingira dzuwa panagwa kapepala: mayina a ana a Fomu 3 olongolola m'kalasi, zilembo zake za iwo omwe.

"Achimwene, mzungu wa ku Area 10 ameneyu ankaphunzitsa Fomu 3?"

"Kaya bwana, azungu amapanga zambiri."

"Mzunguyo ndine. Mayi wachikulireyo ndine. Ndipo kutchalitchi sindinkapitapita."

Dila sanaphethire n'komwe. "Ndiye zili bwino kwambiri, aphunzitsi! Mwini wake woyamba mukumudziwa, mungakayikenso chiyani?"

* * *

Tchasisi yopindika amaiwongolera pa makina oyezera, mamilimita akuwerengedwa. Buku limatero. Kuseri kwa msika, makinawo ndi tcheni, tsinde la mtengo ndi lole ya mnzako yokoka chafutambuyo, mmisiri atatsinzina diso limodzi akukuwa kuti, "Pang'ono! Pang'ononso! Basi, yakhala!" Galimoto yotere imayenda chammbali ngati nkhanu, ndipo womaliza kudziwa amakhala mwini wake chifukwa iye amakhala m'kati.

Mkulu wina wogula nandolo anapeza Sienta ya mtundu umenewu. Atafika pa rodibuloko ya pa Zalewa, pomwe msewu wa ku Mwanza umapatukira, wapolisi anamuimitsa.

"Madala, ndakuonerani patali koma sindikumvetsa. Mukulowera ku Mwanza kapena ku Balaka?"

"Ife akutsogolo kuno tikupita ku Balaka, bwana. Akumbuyowo muwafunse okha."

Matayala a Sienta imeneyi ankatha mbali imodzi yokha, inayo ikadali ndi timinga ta kufakitale. Wogulitsa matayala pa Lunzu anamukonda mkuluyu mpaka kumuika pa tebulo la alendo olemekezeka pa ukwati wa mwana wake.

* * *

Mlamu wanga sapita kokagula galimoto opanda maginito a sipika ya wailesi yakale atawakulunga pa kansalu. Nzeru yake njosavuta: maginito amamata pa chitsulo, koma pamene amisiri anadzazapo fila wambiri pobisa zophwanyika amangotsetsereka.

Tsiku lina anaperekeza mnzake kukaona Axio yonyezimira moti munthu akanatha kumetera ndevu pa chitseko. Anaika maginito pa chitseko, anagwa. Pa fenda, anagwa. Pa denga, anatsetsereka mpaka kugwera pa phazi la wogulitsa.

"Galimoto zamasiku ano, alamu, a ku Japan akupangira zipangizo zopepuka," anatero wogulitsa. "N'chifukwa chake sizimwa mafuta."

Mlamu wanga anazungulira galimoto yonse osayankha. Pomwe maginito anagwira zenizeni panali pa chitsulo cha lamba wa wogulitsayo.

"Achimwene," anatero mlamu, "iyi simunaikonze. Mwachita kuiumba."

* * *

Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimadutsa pa okushoni, ndipo iliyonse imakhala ndi pepala la woyendera. Pepalalo silinyengerera: chilembo A ndi pokalika, U pophwanyika, W pamene anakonzapo kale, XX pamene anachita kusintha chitsulo chonse. Pakona yapamwamba amalembapo giredi. Mukaona 4 kapena 4.5 mtima ukhale pansi. Mukaona R kapena RA, dziwani kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa.

Pali dila wina ku Blantyre amene amakuonetsani pepala limeneli musanafunse n'komwe, kuti muone kuti iye sabisa kanthu. Vuto lake ndi tsoka la tiyi. Pepala lililonse la mkuluyu linatayikiridwa tiyi, ndipo tiyi wake amagwera pakona imodzimodzi.

* * *

Ku Britain nkhani imeneyi anaiika m'magulu. Kuyambira October 2017, galimoto yomwe a inshuwalansi aitaya imapatsidwa chimodzi mwa zilembo zinayi izi. Cat A iyenera kuphwanyidwa yonse, osachotsako ngakhale nati. Cat B mutha kuchotsako masipeya koma chigoba chake sichibwereranso pamsewu. Cat S inavulala mafupa, tchasisi ndi zina zogwira thupi lonse, koma ikhoza kukonzedwa. Cat N mafupa ali bwino, chinaonongeka n'china, kaya magetsi, kaya mabuleki, kaya zitseko. Chilembocho chikamatidwa sichichoka mpaka galimoto idzaphwanyidwe.

Mnyamata wina wa kwathu kuno wogwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds anaona kuti apa pali ndalama. Anagula Cat S pa okushoni motchipa, anzake n'kumuwongolera Loweruka ndi Lamulungu, iye n'kuitsatsa pa Facebook. Anabwera mzungu wa kapu yake ndi kagalu. Moni anapereka, koma maso ali pa nambala. Anailemba pafoni, n'kulipira timapaundi tochepa. Pasanathe mphindi ziwiri anali akuwerengera mnyamatayo mbiri yonse: tsiku lomwe a inshuwalansi anaitaya, chilembo chake, ndi mamailosi a chaka ndi chaka, omwe boma la kumeneko limaonetsa ulere pa mbiri ya kuyezedwa kwa galimoto yotchedwa MOT. Kagalu nako kanakwezera mwendo pa tayala, onse n'kumapita.

Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Wachitatu sanatsike n'komwe m'galimoto yake.

"Dziko lanji lopanda chinsinsi!" anadandaula mnyamatayo.

Ndiye anakumbukira kumudzi. Chiwongolero cha ku Britain chili kumanja, chimodzimodzi kwathu. Anaikweza pa sitima ya pamadzi mpaka ku Dar es Salaam, inalowera pa Songwe, msonkho wa MRA unalipidwa. Anaimbira atsibweni ake.

"Malume, imeneyo musayendere inuyo. Gulitsani msanga, kwa munthu wakutali, woti sitidzaonana naye."

"Usade nkhawa mphwanga, ndapeza kale munthu wa ndalama zake."

Chaka chitatha mnyamata anabwera kudzachita chinkhoswe. Potuluka pa bwalo la ndege la Kamuzu anapeza akuchikazi abwera kudzamuchingamira, bambo a mtsikana ali patsogolo, makiyi akuzungulira pa chala.

"Mkamwini, takulandirani. Mukhale kutsogolo kuno. Imeneyi ndinagula kwa atsibweni anu, akuti inachoka ku Mangalande konko, sinagundepo ngakhale nkhuku."

Anthu a m'banjamo mpaka lero amamuyamikira mkamwini ameneyu kuti ngwopemphera. Kuchoka ku Lumbadzi mpaka ku Area 25 anali atatseka m'maso, manja onse awiri atagwira lamba, milomo ikugwedera.

* * *

Eyabagi ikaphulika sibwereranso m'malo mwake. Pamafunika ina, ndipo mtengo wake ndi umodzi mwa zomwe zimachititsa a inshuwalansi kuitaya galimoto yooneka ngati sinavulale kwambiri. Amisiri ena anapeza njira yachidule. Amadzaza nsanza m'bowo, n'kumata chivundikiro ndi guluu.

Bambo wina wa ku Kawale anagunda pang'ono kumbuyo kwa minibasi pa Mchesi, mayi a kunyumba ali pambali. Chivundikiro cha padashibodi chinafwamphuka. M'malo mwa eyabagi munatuluka sokosi imodzi, kabudula wa mwana, ndi bulauzi yofiira ya maluwa yomwe inagwera pa miyendo pa mayi.

Mayi anainyamula ndi zala ziwiri. "Bambo, iyi ndi ya ndani?"

"Mayi, ine ndikuiona koyamba."

"Koyamba? M'galimoto mwanu? Mpaka kumusokerera m'dashibodi?"

Nkhani inafika kwa ankhoswe. Bambo analumbira, mayi anamanga katundu. Pamapeto pake ankhoswe akuchimuna anachita kukagwira mmisiri ku Biwi kuti adzaperekere umboni, ovolosi ili m'thupi.

"Pepani makolo, zovalazo n'zanga. Ndinagula mulu wa zotsalira pa kaunjika wa ku Tsoka. M'chiwongoleromo mulinso siketi yake."

Banja linapulumuka. Mayi anachapa bulauziyo, Lamulungu n'kuvala, ndipo inawakhala.

Tikuseka, koma pa zonse zomwe amisiri amachita ndi galimoto zangozi, ichi chokha ine ndimachitcha kupha. Penti wonama amangokudyerani ndalama. Eyabagi yonama mumaizindikira tsiku lomwe munaifunitsitsa. Mukatembenuza kiyi, kagetsi ka eyabagi kayenera kuyaka kenako n'kuzima pakapita timasekondi. Kakapanda kuyaka n'komwe, wina anachotsa babu kapena anamatapo tepi yakuda.

* * *

Yoopsa ina ndi yomira m'madzi, chifukwa kunja imaoneka yosalakwa. Madzi atasefukira ku Durban mu April 2022 analowa mu fakitale ya Toyota ku Prospecton, ndipo kampaniyo inasankha kuphwanya galimoto zatsopano zomwe zinamira m'malo mozigulitsa. Eni ake opanga amadziwa chomwe matope amachita ndi mawaya. Ife kuno namondwe wa Freddy atadutsa ku Blantyre mu March 2023, panali anthu ena omwe ankaona kuti galimoto yomira imangofunika payipi ya madzi, dzuwa la masiku awiri ndi timitengo tonunkhira tisanu topachika pagalasi.

Abusa ena a mpingo wa m'tauni anagula imodzi yotere. Sabata yoyamba zonse zinali bwino. Yachiwiri, akati aimbe hutala, mawaipa ndi omwe ankayankha. Akati akhotere kumanzere, buti inkatseguka. Kenako galimoto inayamba kudzuka yokha pakati pa usiku, magalasi kutsika, wailesi kuyamba kulankhula, m'katimo mulibe munthu.

Abusa anadziwa kuti adani a utumiki ayamba. Anaitanitsa mapemphero a usiku wonse. Amayi a chigwirizano anazungulira galimoto, mafuta odzozera anathiridwa pa boneti ndi pa matayala onse anayi. Cha m'ma 3 koloko galimoto inaphethira magetsi kawiri, anthu theka n'kuthawira kuseri kwa tchalitchi.

M'mawa mnyamata wina wa kwaya, yemwe amakonza zamagetsi a galimoto ku Ndirande, anapempha kuti aoneko. Anatukula kapeti. Pansi panali matope ouma, mapulagi onse atachita dzimbiri lobiriwira, ndipo pafupi ndi kompyuta ya galimoto panagona kachule kouma gwa. Anakanyamula mwendo.

"Abusa, chiwanda chake ndi ichi."

Abusa anatembenukira ku mpingo, manja m'mwamba. "Mwaona? Chatuluka!"

* * *

Ku Joni amagwiritsa ntchito manambala. Code 1 ndi yatsopano, Code 2 ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, Code 3 ndi yomangidwanso itaonongeka kwambiri, Code 4 ndi yoti iphwanyidwe basi. Mabanki a kumeneko sakonda kubwereketsa ndalama zogulira Code 3, n'chifukwa chake mtengo wake umagwa, ndipo mtengo ukagwa m'bale wathu amakhala ali pafupi.

Wina anabwera ndi bakki yotere kudzera pa Mwanza. Kunena zoona zinali galimoto ziwiri: ina inagundidwa kumbuyo, ina kutsogolo, wowotcherera n'kudalitsa ukwati pakati. Atapita kukadula inshuwalansi, mtsikana wa pa kauntala anayamba kulemba fomu.

"Inapangidwa chaka chanji, bambo?"

"Mukunena mbali iti, achemwali?"

* * *

Si onse onama. Namwino wina wa ku Zingwangwa anagundidwa m'mbali pa mphambano, Note yake n'kuphwanyika zitseko ziwiri. A inshuwalansi anaitaya, koma iye anagwirizana nawo kuti amudule pa malipiro n'kumusiyira chigobacho. Anakakonzetsa pa galaja yodziwika, zitseko zina, penti wabwino, malisiti onse mu envulopu, zithunzi za tsiku la ngozi mu foni. Atafuna kuigulitsa anaika mtengo wotsika ndipo aliyense wobwera ankamuuza zonse.

Anthu ankathawa. Wina anachita kupukuta m'manja atagwira chitseko. Mkulu wina wa tayi anamvetsera mpaka pamapeto n'kupukusa mutu.

"Mayi, ine galimoto ya magazi ayi. Ndili ndi ana."

"Simunafe munthu, bambo. Ndi zitseko zokha."

"Ayi mayi, zikomo."

Patapita masiku mkulu uja anabweranso, osati kudzagula koma kudzaonetsa. Anali atapeza Note ina kwa dila, yokwera ndi K2 miliyoni, yosagundidwapo chibadwire.

"Mwaona mayi? Munthu ukafuna chabwino umalipira."

Namwino anayang'ana galimotoyo, n'kuyang'ana nambala. Anatulutsa foni, n'kufufuza zithunzi zake zija, n'kukulitsa chimodzi ndi zala.

"Bambo, taonani apa. Iyi ndi yanga, zitseko zake izi. Nanga iyi yaima apayi, injini italowa mpaka pa mpando, nambala yake mungandiwerengere?"

Mkulu anawerenga. Anavula magalasi, n'kupukuta, n'kuwerenganso.

"Ndi imene inandigunda ija," anatero namwino. "Moni wake ndi wochedwa, koma yafika."

* * *

Ine galimoto ya ngozi sindiida. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, masipeya anakwera moti galimoto ina imatayidwa chifukwa cha magetsi awiri, bampa ndi eyabagi basi, mafupa ali bwinobwino. Yotere mutha kugula n'kuyendera zaka. Koma pitani ndi makanika wanu, osati amene wogulitsa wakuitanirani. Lowani pansi pake ndi tochi muone zowotcherera. Fananizani nambala ya tchasisi ndi ya pa blue book. Nunkhizani kapeti, tukulani tayala la sipeya muone ngati pansi pake pali mchenga. Mnzanu aiyendetse inu mukutsatira pambuyo pa kabaza, muone ngati matayala akumbuyo akuponda momwe aponda akutsogolo. Funsaninso a inshuwalansi musanalipire ngati adzailandire pa comprehensive, ndi mtengo womwe adzaiwerengere, chifukwa wowunika amene anaitaya uja sanapume ntchito, ndipo mudzakumana naye. Zikakhala bwino lipirani mtengo wa galimoto ya ngozi, ndipo podzagulitsa mudzalandirenso mtengo wa galimoto ya ngozi.

Inu a Road Traffic ndi a makampani a inshuwalansi, makompyuta a boma a MalTIS ali kale ndi nkhope zathu ndi zidindo za zala zathu. Khalani pansi mugwirizane kuti munthu azitha kulemba nambala ya galimoto pafoni n'kuuzidwa ngati inatayidwapo ndi a inshuwalansi. Tikalipira.